TV ya Pakhonde la Chipatala Inkanena Zakale

"A Hopeson, foni munandilonjeza ija mpaka lero? Kapena nambala yanga inakokoloka ndi mvula?"

Mayi Vailet anayamba kulankhula asanakwere n'komwe pakhonde la chipatala. Kumsana kunali dengu lothyolera tiyi, lopanda ndi tsamba limodzi lomwe. Kudzanja anagwira mwana wawo wamkazi, Tisungane, wa sitandade 2, amene ankayenda motsimphina atamangidwa kansalu pamwendo.

Kachipatalaka kanali ka esiteti ya tiyi, kumapeto kwenikweni kwa minda, pafupi ndi malaini omwe antchito amagona. Anesi ankabwerako masiku ena okha. Masiku otsalawo kunkakhala a Hopeson, otsegula zitseko, kusesa, kutsuka zilonda ndi kuuza anthu tsiku loti abwerenso.

Sabata yapitayo galu wachilendo analuma Tisungane akuchokera kusukulu. A Hopeson anatsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pamenepo palibe angawanene. Chinatsala ndi katemera wa chiwewe. Ameneyo samasungidwa pakachipatalaka. Amakhala m'filiji kuchipatala chachikulu cha esiteti, kufupi ndi fakitale, kuseri kwa mapiri awiri.

Tsono pakhoma la khonde panali TV imene kampani inaika chaka chatha. Sinkaonetsa mpira kapena mafilimu. Inkaonetsa mauthenga ochokera kuchipatala chachikulu, ndipo mawu a munthu wamkazi ankawawerenga mokweza kuti osadziwa zilembo amve nawo. Tsiku limene mwana analumidwa, TV ija inkanena kuti: "Katemera wa chiwewe watha. Wina afika sabata ino. Dikirani uthenga."

"Mwamva nokha, amake Tisu," anatero a Hopeson tsiku limenelo. "Mukapita kufakitale mukangotaya nthawi. Uthengawu ukasintha, ine ndikuimbirani."

Mayi Vailet anakhulupirira. Inali nthawi ya mvula, tiyi akuphukira usiku ndi usana, ndipo akapitawo sankafuna kumva za munthu wojomba. Neba wawo, Lizzie, anati apeze ubweya wa galu aliyense, auwotche, phulusa lake apake pabala. Iwo anamuyankha kuti akapake yekha. Anadikira foni. Foni sinalire.

M'mawa uno, ali mumzere wa tiyi, anamva anthu akunena kuti galu uja wapezeka wakufa m'ngalande ya kunazale, thovu lili kukamwa, miyendo atadziluma yekha. Anatuluka m'munda osatsanzika akapitawo, nakatenga mwana m'kalasi.

A Hopeson anatsamiritsa tsache kukhoma. "Mwadzuka bwanji, mayi?"

"Za kudzuka zisiyeni. Galu uja wafa. Wafa ndi thovu. Katemera ali kuti?"

"Inetu ndinanena kuti uthenga ukasintha..."

"Sabata ino, sabata ino! Sabata yake iti? Imene mwana analumidwa ija inatha. Tayamba ina. Chinthu chanuchi chikungobwereza mawu omwewo ngati woledzera."

"Mayi, TV imeneyi siinama. Amalemba ndi akuluakulu a kufakitale. Ine ndine ndani kuti ndiwatsutse?"

"Munawaimbira akuluakulu anuwo?"

"Ndiwaimbirenji poti alemba kale?"

Pakhondepo panali amayi ena odikira sikelo ya ana. Chiwewe aliyense wa kumalaini amachidziwa. Chikangoonekera mwa munthu, ndiye kuti basi, anthu ayambe kusakasaka matabwa a bokosi.

Galimoto ya esiteti inaima pamsewu, inatsitsa anesi a Doris, n'kupitirira ulendo wa kuboma ndi wodwala wina. A Doris anali atangobwera kumene kutchuthi. Anamva phokoso lija asanatsegule chikwama chawo.

"Kwagwanji, mayi?"

Mayi Vailet anafotokoza zonse, mosazungulira. Anesi anagwada, anamasula kansalu kaja, anayang'ana bala. Kenako analowa m'kati, anatuluka ndi kapu ya madzi n'kumupatsa mwanayo.

"Imwa, Tisu."

Mayi Vailet anadziwa chimene anesi akuyesa. Wodwala chiwewe amaopa madzi. Anagwira chingwe cha dengu mwamphamvu. Tisungane anayang'ana kapu, anayang'ana amayi ake, anamwa madzi onse, n'kupukuta pakamwa ndi yunifomu.

"Nthawi ikadalipo," anatero anesi. "Koma si yoti tigone nayo. Katemerayu amayenera kuyamba tsiku lomwelo munthu walumidwa. Akasowa pano, mumapita kwina. Simudikira."

"Auzeni awo. Ine anandiuza kuti ndidikire."

Anesi anatembenukira ku TV ija. Inali itafikanso pa uthenga womwewo wa katemera. Anayandikira, natsinzinira diso limodzi, kuwerenga timalemba tating'ono ta pakona ya m'munsi.

"A Hopeson, bwerani. Apa palembedwa tsiku limene TV inalandira uthenga womaliza. Werengani."

A Hopeson anawerenga. Linali tsiku la mwezi watha, anesi asanapite n'komwe kutchuthi.

"Nanga kamtanda kofiira aka, kakhalapo kuyambira liti?"

"Ndimangoti ndi kachizindikiro ka chipatala."

"Kameneka kakutanthauza kuti TV yaduka kulumikizana ndi kufakitale. Ikaduka siizima ayi. Imangobwereza zomwe inamva komaliza."

Mayi Vailet anaika dengu pansi. "Ndiye kuti chikutiuza zakale?"

Anesi anaimbira mnzawo wa kuchipatala chachikulu, foni inangolira. Anaimbiranso, chimodzimodzi. Ndipo anaimbira a Everson, mkulu woyang'anira makompyuta a esiteti, amene ofesi yawo inagundizana ndi chipatalacho. Anakweza mawu a foni kuti onse amve.

"A Everson, ndine Doris. Tili ndi mwana wolumidwa ndi galu wachiwewe. Katemera alipo kumeneko?"

"Ameneyo anafika kalekale. Uthenga ndinausintha ndekha mwezi watha. Bwanji, kwanuko sunafike?"

Mayi Vailet anakhala pansi pasimenti. Tsiku limene mwana wawo ankalumidwa, katemera anali ali m'filiji.

"Koma musanyamuke kaye," anapitiriza a Everson. "Olumidwa achuluka mwezi uno, sindikudziwa ngati watsala. Anesi osunga filiji ali m'chipinda cha amayi oyembekezera, ndaima pakhomo kuwadikira. Uthenga wa m'mawa uno anautumiza okha. TV yanuyo ikalumikizika, ikuuzani ine ndisanawaone."

Apa panali povuta. Katemera akapezeka watha kufakitale, kotsala kunali kuchipatala cha kuboma. Msewu wa kufakitale umalowera kum'mawa, wa kuboma kumadzulo, ndipo yonse inali matope okhaokha. Munthu akalakwitsa njira, tsiku latha.

"Konzani chinthucho," anatero mayi Vailet. "Ine sindichoka pano ndisanadziwe kolowera."

"A Hopeson ali pomwepo?" anafunsa a Everson. "Achimwene, pezani kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri. Tinakaika m'chipinda cha mankhwala, pamwamba pa kabati. Kameneko ndi kamene kamakoka netiweki n'kupatsira TV."

Onse analowa m'chipindamo, mayi Vailet ali patsogolo, ngakhale pachitseko panalembedwa kuti odwala asalowe. Kabokosi kanalipo, katakankhidwira kukona, fumbi lili mbuu.

"Kakuyaka timagetsi tingati?"

"Sikakuyaka," anatero anesi.

"Ndi kamodzi komwe?"

"Kangoti bii."

"Magetsi alipo, poti TV ikuyaka. Tsatirani waya wake wakuda. Onani kumene wathera."

Anesi anatsatira waya uja ndi dzanja. Anatsika naye kuseri kwa kabati, n'kutulutsa pulagi itakutidwa ndi ulusi wa kangaude. Pambali pake, pansi, panali ekisitenshoni itadzaza machaja. Mafoni anali ndandanda pakatoni, ena atamangidwa mphira, ena osweka galasi.

Nkhani yake inali iyi. Kumalaini kulibe magetsi. Othyola tiyi akamapita kumunda mbandakucha ankasiya mafoni awo kwa a Hopeson kuti awatchajire, n'kudzawatenga poweruka. A Hopeson sankalipiritsa. Ankangolandira phava la nthochi, mapeyala awiri, kaya kambale ka nyemba za kalongonda. Tsiku lina malo anachepa pa ekisitenshoni. Iwo anazula pulagi ya kabokosi kaja, anathamangira pakhonde kukaona, anapeza TV ikulankhula bwinobwino. Anati ndiye kuti kabokosika n'kopanda ntchito.

"Ndinayesa, anesi," anatero a Hopeson. "Ndinazula, ndinakaona, TV sinazime. Ndikanaona kuti yazima ndikanabwezera pompo."

"Mwana wanga afe chifukwa cha nthochi?" anakuwa mayi Vailet. "Inu bambo, mutu wanu ukuyenda? Mafoni a anthu aulesi awa, ongoimbira zibwenzi..."

"Amayi," anatero Tisungane ali pakhomo, akuloza ndi chala, "iyo ya mphira yofiirayo si yanu?"

Inali yawo. Anaisiya okha mbandakucha. Chilumidwireni mwana, ankaumirira kuti foni yawo izikhala yoyamba pa ekisitenshoni, kuopa kuti a Hopeson angadzaimbe madzulo n'kuipeza yozima. Malo amenewo anachita kulimbirana, mpaka anaonjezera nthochi.

Mayi Vailet sanachite manyazi nthawi yaitali. Anawerama, anazula chaja yawo, n'kuiponya pambali.

"Malo awo. Lowetsani chinthu chanucho."

Anesi analowetsa pulagi. Kagetsi kamodzi kofiira kanayaka.

"Musakagwire," anatero a Everson. "Kapatseni mpata kadzuke. Mundiuze tikasanduka tobiriwira."

Anadikira. Mvula inayamba kugunda malata. Kagetsi kachiwiri kanayamba kuphethira, kanasiya, kanayambiranso. Kenako tonse tinasanduka tobiriwira. A Hopeson anathamangira pakhonde. Mawu a mkazi uja anamveka mpaka m'chipindamo: "Katemera wa chiwewe watha. Wina afika sabata ino."

"Sizinasinthe!" anakuwa a Hopeson.

Anabwerera akuthamanga, nazula phini pakolala ya malaya awo. "Kuseri kwa kabokosika kuli kabowo. Mlamu wanga amati zinthu izi zikavuta umangobaya pamenepo, zonse zimayambiranso."

"Ayi! Ayi, achimwene!" Mawu a Everson anachita kusweka m'foni. "Mukabaya pamenepo kabokosiko kaiwala zonse zimene tinaikamo. Ndiye mpaka ndibwere ndekha, ndipo ndi matope awa si lero."

Mayi Vailet anawalanda phini ija a Hopeson n'kuibaya pachitenje chawo.

"Za alamu anu mukachitire kwanu. Bambo a m'foni, nenani china."

"Pali waya wina, wabuluu. Amachoka pakabokosi, kudutsa pakhoma, kukalowa kumbuyo kwa TV. Onani mbali zonse ziwiri ngati walowa bwino."

Anesi anatembenuza kabokosi. Waya wabuluu anali lendelende. Anasololoka tsiku limene a Hopeson ankakankhira kabokosiko kukona.

"Mukankheni mpaka mumve kuti thwa. Mukatero pitani pakhonde, zimitsani TV pasoketi, dikirani pang'ono, muyatsenso."

Anachita zomwezo. TV inada bii. Amayi a sikelo aja anaimirira, ana ali kumsana, maso onse pakhoma. Sipanaoneke kanthu. Mayi Vailet anamukokera Tisungane pafupi, namugwira pamphumi ngati akufuna kumva kutentha.

"Mwaiononga," ananong'ona mayi wina.

Kenako panatuluka kampira kozungulira. Kanazungulira, kanazungulira. Kamtanda kofiira kaja kanazimirira. Timalemba ta pakona tinasintha, n'kuonetsa tsiku la lero. Ndipo mawu aja anati: "Katemera wa chiwewe alipo kuchipatala chachikulu, koma watsala wochepa. Wolumidwa ndi galu asadikire, abwere tsiku lomwelo."

Nthawi yomweyo a Everson anakuwa m'foni: "Anesi atuluka! Akuti alipo. Akuti amusungira mwanayo, koma afike asanaweruke."

Mauthenga ena anayamba kutsatana. Tsiku la sikelo linali litasinthidwa. Madokotala a maso anali atabwera kufakitale n'kubwerera. Pakhonde panabuka phokoso, amayi akuwerengetsera zimene zinawadutsa.

"A Everson," anatero anesi, "inu pakompyuta yanu simunkaona kuti TV ya kuno yaduka?"

"Inkaonetsa kofiira. Ndinkangoti ndi netiweki ya nyengo ya mvula, ibwerera yokha."

"Ndiye tonse tinangoti. Inu munangoti, a Hopeson anangoti. Inenso ndinapita kutchuthi osamuonetsa munthu kuti kabokosi aka n'kachiyani. Kuyambira lero ikafiira muziimba. Pasoketi iyi ndimatapo pepala, ndipo za mafoni a anthu ndikazitula kwa amanijala, awapezere malo ena."

Mayi Vailet sankamvera zimenezo. Anali atamanga kale chitenje m'chiuno. Galimoto inali itapita kuboma. Panja, pansi pa mtengo wa bulugamu, panali njinga yamoto ya a Hopeson, imene ankachitira kabaza akaweruka.

"A Hopeson, lizani njinga."

"Mayi, ndili pantchito. Komanso matope awa, ndi mafuta mmene akwereramu..."

"Foni munalephera kuimba. Bwezani ndi matayala. Mafuta ndi anu, popita ndi pobwera."

"Tigawane, mayi. Inu kupita, ine kubwera."

"Nthochi zanga tinagawana? Munadya nokha."

A Hopeson anayang'ana anesi. Anesi anangowapatsa kapepala kotumizira wodwala, n'kunena kuti, "Pitani. Pano ndilipo ine."

Ulendo wake unali woipa. Pachitunda choyamba njinga inaterereka, onse anatsika, a Hopeson akukankha, mayi Vailet atabereka mwana wamkulu ngati khanda. Pamlatho wa matabwa madzi anali atayamba kudutsa pamwamba. A Hopeson anaima n'kunena kuti adikire aphwe. Mayi Vailet anavula nsapato, anawoloka ndi mwana kumsana, n'kuima kutsidya akuwayang'ana. A Hopeson anawolotsa njinga.

Anafika anesi a kumeneko akutsuka m'manja kuti aziweruka. Anatsegulanso filiji. Tisungane analira pobayidwa, ndipo amayi ake anamusiya alire mmene angathere.

"Sikuti zatha," anatero anesiwo, akulemba m'buku la mwana la kuchipatala. "Majakisoni ena atsala. Masiku ake ndi awa, ndawazunguliza. Mukadumpha limodzi, mwaononga ntchito yonse. Ake ndamuikira padera."

"Ndiwerengereni masikuwo mokweza. Kawiri."

Anawawerengera kawiri.

Panja a Hopeson ankachotsa matope kumatayala ndi kamtengo. Zovala zawo zinali zosaoneka bwino ndi matope.

"Amake Tisu, ndalakwa. Koma lero ndiye ndabweza. Kapena sindinabweze?"

"Mwabweza ulendo. Ngongole ya foni ikadalipo. Tsiku lililonse la jakisoni, mundiimbire m'mawa. Inu, ndi pakamwa panu, osati khoma."

"Nanga kwa amanijala, mukanena?"

"Akandifunsa ndinena. Ndinenanso kuti foni yanga inali pomwepo."

Anakwera njinga n'kubwerera.

Tsiku la jakisoni wachiwiri kunacha kopanda mvula. A Hopeson anatsegula kachipatala kaja, analowa m'chipinda cha mankhwala kukaona timagetsi tobiriwira, anatuluka kukawerenga timalemba ta pakona ya TV. Atatero anatulutsa foni.

"Amake Tisu, ndine Hopeson. Lero ndi tsiku lija."

Mayi Vailet anali pabenchi kuchipatala chachikulu, Tisungane ali pamiyendo, buku lili m'manja. Ananyamuka kusanache, wapansi, atatsanzika akapitawo dzulo lake.

"Tili pamzere kale," anatero. "Ngongole ya lero mwabweza."

Anadula foni, chifukwa anesi anali ataitana dzina la mwana.

Phunziro: TV ya mauthenga ikhoza kumayaka ndi kulankhula koma ikunena zakale. Yang'anani tsiku la uthenga, ndipo ukakhalitsa osasintha uzani oyang'anira. Musazule pulagi ya chinthu chimene simukudziwa ntchito yake. Ndipo pankhani ya moyo, monga kulumidwa ndi galu, tsukani bala ndi sopo, funsani munthu wachipatala pamaso kapena pafoni, ndipo katemera akasowa pamalo amodzi pitani kwina tsiku lomwelo.